Siyaniko kampata, ba Lusaka

Pali anthu amene akaona munthu wamkulu, wandevu zake, kapena mai wa ana atatu, ali phee mu minibasi maso pa foni, akusanja tumabokosi togwa kucokela kumwamba, amapukusa mutu. Ati ni va cibwana. Ati ndiye cifukwa cake dziko siliyenda. Ine lelo ndaima kumbali ya tumabokosi. Sindikamba za masewela onse a pa foni ayi, ena ndidzawadzudzula kutsogoloku. Ndikamba za aja akale osanja ndi osuntha tumatailosi, monga Tetris, 15 Puzzle, 2048 ndi abale awo. Pa zonse zimene munthu angacite ndi foni kucokela ku Chelstone kufika pa Kulima Tower, masewela awa ali m'gulu la zocepa zimene zimakusiyila kanthu m'mutu popanda kukucotsela kanthu m'thumba. Ndipo cimene amaphunzitsa ndi cinthu cimene mzinda wathu uno uoneka kuti unaciiwala.

Amene munakula m'zaka za m'ma 1990 mukumbukila Brick Game, kaja kapulasitiki ka mabatili awili kamene anali kugulitsa pa matebulo m'tauni. Pamwamba pake panalembedwa kuti muli masewela 9999, koma ukayatsa upeza ni amodzi-modzi, angosintha liwilo cabe. Masana ana anali kulimbilana, usiku akulu n'kukalanda ana akagona. Tunjelwa tumene tunali kugwa m'kapulasitiki kaja tunali Tetris, ngakhale kuti ambili dzinalo sitinali kulidziwa. Lelo Tetris ili pa foni ndi pa kompyuta, mitundu ndi mitundu, ndipo ana a aja anali kulimbilana Brick Game ndi amene akuisewela.

Amene anaipanga ndi Alexey Pajitnov, katswili wa makompyuta wa ku Moscow, mu 1984. Anali kugwila nchito pa malo a boma ofufuza za sayansi, ndipo kompyuta imene anali nayo, Electronika 60, sinali kuonetsa zithunzi. Tumabokosi anatupanga ndi zizindikilo za pa kiyibodi. Dzina lakuti Tetris analilumikiza kucokela ku liwu la Cigiriki lakuti tetra, kutanthauza zinayi, ndi tenesi, masewela amene iye anali kukonda. Cidutswa ciliconse cili ndi tumabokosi tunayi, ndipo mitundu ya zidutswa ilipo 7 cabe. Popeza anali wanchito wa boma la Soviet Union, ndalama za Tetris poyamba zinali kupita ku boma. Masewelawa anafalikila dziko lonse ndi Game Boy mu 1989, koma mwini wake anayamba kudyapo mu 1996, pamene iye ndi Henk Rogers anakhazikitsa The Tetris Company. Amene munagwilapo nchito yolemeletsa ena mukumvetsa mmene mdala uja anali kumvelela.

Lamulo lake ndi lapafupi. Bwalo lili ndi tumabokosi 10 m'lifupi ndi 20 kukwela m'mwamba. Zidutswa zigwa cimodzi-cimodzi, inu mucitembenuza ndi kucikankhila kumene mufuna. Mzele ukadzaza kucokela kumanzele kufika kumanja, uzimililika, ndipo za pamwamba zitsika. Mulu ukafika kudenga, mwaluza. Manje apa ndiye pali nkhani. Wongoyamba kumene amaopa malo opanda kanthu. Akaona kampata afuna kukatseka msanga ndi ciliconse cimene cabwela, olo cisakwane. Cidutswa cija cikhala mopingasa, pansi pake pasala kabowo kophimbika, ndipo mzele umenewo sungazimililike mpaka acotse zonse zimene waunjika pamwamba pake. Tumabowo tutatu twa conco, masewela atha.

Wodziwa amacita zosiyana. Amasanja bwino-bwino mbali imodzi, tumabokosi 9 m'lifupi, n'kusiya dala mpata umodzi wautali m'mphepete, wotseguka kucokela pamwamba mpaka pansi. Akatswili amauchula kuti citsime. Amausunga, saikamo ciliconse, kuyembekezela cidutswa cacitali cija coongoka ngati ndodo. Cikabwela cilowa m'citsime, mizele inayi izimililika nthawi imodzi, ndipo mapointi ake aposa a munthu amene wacotsa mizele inayi umodzi-umodzi. Conco mu Tetris muli mipata iwili. Wina ndi kabowo kobwela cifukwa ca phuma, kamene kamakupha. Wina ndi citsime cosiyidwa mwanzelu, cimene cimakupulumutsa. Sungani mau awa, tidzawafuna tikafika pa Kafue Roundabout.

15 Puzzle ndi yakale kuposa agogo a agogo athu. Ndi kabokosi ka malo 16, anayi m'lifupi anayi m'litali, kokhala ndi tumatailosi 15 tolembedwa manambala. Malo amodzi alibe kanthu. Nchito yanu ndi kusuntha tumatailosi mpaka manambala akhale mu dongosolo, kucokela pa 1 kufika pa 15, popanda kunyamula ngakhale kamodzi. Anaiyambitsa ndi Noyes Chapman, mkulu wa positi ofesi m'katauni ka Canastota ku New York, ndipo mu 1880 inagwila anthu a ku America ndi ku Ulaya ngati matenda. Kalelo inali ya matabwa, kenako ya pulasitiki, lelo ndi ya pa foni, nthawi zina ndi cithunzi coduladula m'malo mwa manambala.

Mukaisewela kwa masiku angapo mudzaona cinthu cimodzi. Poyamba maso amakhala pa katailosi kamene mufuna kusuntha. Mufuna 7 apite uko, ndiye mungoyang'ana 7. Pambuyo pake muzindikila kuti cimene muyendetsa kwenikweni ndi kampata kaja. Katailosi sikangayende ngati kampata sikali pafupi nako, conco muyamba mwazungulitsa kampata kukafika kutsogolo kwa 7, ndiye 7 asuntha. Njila yosavuta ndi kumaliza mzele wapamwamba coyamba, kenako waciwili, n'kusiya iwili yapansi kuti muimalize pamodzi kuyambila kumanzele. Pa mzele wapamwamba, 1 ndi 2 salimba. Amene amavuta ndi 4. Mukaika 3 pamalo pake msanga, 4 sangalowe popanda kumusokoneza. Ndiye ikani 3 pa kona, pamalo a 4, ikani 4 pansi pake, kenako muwakankhe onse awili ngati ngolo za sitima. Wina aoneke ngati wasocela kwa kanthawi kuti onse afike.

Tangoganizani munthu wina waona kampata kaja n'kunena kuti, "Apa paonongeka malo, tiikepo 16." Kabokosi kadzaza, kaoneka bwino, palibe cotayika. Koma palibenso cimene cingasunthe mpaka kale-kale. Njila zimene tumatailosi 15 tungakhalile m'kabokosi n'kutheka kutukonza ndi zoposa 10 thililiyoni, ndipo akatswili a makompyuta anapeza kuti ngakhale yosokonezeka kwambili ingakonzeke ndi kusuntha kosaposa ka 80. Zonsezo zitheka cifukwa ca malo amodzi opanda kanthu. Mukawatseka, kusuntha kutsika kufika pa zilo.

Abale ake onse ayendela lamulo lomweli. 2048, imene mnyamata wa ku Italy wa zaka 19, Gabriele Cirulli, anaipanga mu March 2014, ili ndi malo 16. Mukankha tumatailosi, tuwili tofanana tukagundana tukhala kamodzi: 2 ndi 2 akhala 4, 4 ndi 4 akhala 8, mpaka 2048. Nthawi iliyonse mukakankha, pabwela katailosi katsopano. Masewela atha pamene bwalo ladzaza ndipo palibe zofanana zoyandikana. Odziwa amasunga nambala yaikulu pa kona imodzi osaisuntha, kuti pakati pakhale poyendela. Mahjong ya pa kompyuta, ija ya tumatailosi 144 tosanjikizana, imene Brodie Lockard anaipanga mu 1981, imalola kucotsa katailosi kokha kamene kalibe kanzake pamwamba ndipo mbali imodzi, kumanja kapena kumanzele, ndi yotseguka.

Ndiye pali Rush Hour, imene anthu a mu Lusaka tifunika kuipatsa ulemu wapadela. Anaiganiza ndi Nob Yoshigahara wa ku Japan, ndipo inayamba kugulitsidwa ku America mu 1996. Ndi bwalo la malo 36 lodzala ndi tumamotoka ndi tumathilaki. Kamotoka kalikonse kayenda kutsogolo kapena kumbuyo cabe, sikakhota. Inu mufuna kutulutsa kamotoka kofiila pa geti imodzi. Pa foni ilipo mitundu yambili, ina ya tumatabwa m'malo mwa mamotoka, monga Unblock Me. Cimene mudzaphunzila msanga n'cakuti kamotoka kofiila nthawi zambili kafunika kuyamba kabwelela kumbuyo kuti thilaki idutse, ndiye njila itseguka. Kulimbikila kutsogolo cabe sikutulutsa munthu.

Manje tsitsani foni, muyang'ane mmene mwakhalila. Mzele uliwonse folo-folo. Kampando kopinda ka pa njila nakonso kali ndi munthu, ndipo pa miyendo yake pali saka ya makala ya munthu wina. Ba kondakita aimilila copindika pa citseko, akali kuitana: "Fendelaniko ba mami, malo yaliko apo, umodzi cabe tiyende!" Ba kondakita athu pa kusanja ndi akatswili, Pajitnov angawavulile cisote. Koma minibasi imeneyi ndi 15 Puzzle imene aikamo 16. Mukafika pa Munali, mau amveka kucokela ku mpando wakumbuyo kwenikweni: "Ba kondakita, niseluka!" Kuti munthu mmodziyo atuluke, atatu aseluke coyamba, saka ya makala itsike, kampando kapindidwe, ndiye onse abwelele.

Funso n'lakuti, kampata kocitila zonsezi kacokela kuti, popeza m'kati mulibe? Tikabweleka pa mseu. Basi iima, nthawi zambili theka lake lili m'njila, ndipo mamotoka a kumbuyo onse aima nayo. Mpata umene tinakana kusiya m'kati mwa basi tiulipilitsa anthu a kunja, ndipo pakati pa anthu a kunjawo pali minibasi ina yodzala ndi anzathu amenenso acedwa ku nchito. Tikatukwana jamu m'mawa, tidziwe kuti mbali ina ya jamuyo tainyamula m'basi mwathu.

Pa mphambano ndiye poonekela bwino. Kusukulu yoyendetsa motoka amaphunzitsa kuti usalowe pa mphambano ngati kutsogolo kulibe malo otulukila. Koma imani pa Kafue Roundabout kapena pa maloboti a mu Lumumba Road cha m'ma 17 koloko. Pakaoneka kampata kokwana njinga, mphuno ya motoka yalowa kale. Ba draiva aganiza kuti akasiya, wina adzalowapo. Zoona, adzalowapo. Ndiye onse alowa, wocokela kumpoto watseka wa kum'mawa, wa kum'mawa watseka wa kum'mwela, ndipo palibe angapite kutsogolo kapena kubwelela. Ma hutala alila, koma hutala siisuntha katailosi. Uku ndi kuponya cidutswa copingasa pa citsime cifukwa ca mantha. Aliyense wapambana mita imodzi, onse ataya theka la ola. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Si pa mseu pokha. Ngalande ndi mpata umene unasiyidwa dala kuti madzi apeze podutsa. Malo oimila basi m'mbali mwa mseu ndi mpata wosiyidwa dala. Njila ya oyenda pansi, kanjila ka pakati pa nyumba kamene ambulansi kapena motoka yozima moto ingalowele, bwalo limene ana amachayilapo bola m'komboni, zonsezi ndi zitsime. Koma ife tikaona malo otele timati, "Apa pangokhala cabe." Mawa pali kantemba, mkuja pali maziko a nyumba, m'ngalande muli mabotolo ndi mapulasitiki. Mvula ikabwela madzi asowa kolowela, alowa m'nyumba ndi m'zimbudzi, n'kusakanizika ndi madzi a m'zitsime zakumwa. Anthu a ku Kanyama, kumene mwala uli pafupi ndipo madzi sacedwa kusefukila, safunika kuuzidwa. Kolela imene inayamba kumapeto kwa 2023, imene inacititsa kuti Heroes Stadium isanduke cipatala ndi kuti masukulu acedwe kutsegula mu 2024, tonse tikali kuikumbukila.

Ndidziwa cimene ba kondakita angandiyankhe, ndipo yankho lawo ndi lolemela. "Ba boss, mupando ulibe muntu sulipila. Kashing'i nizaipeza kuti? Mafuta yakwela, mwine wa basi afuna ndalama yake madzulo, na ine nifunika kudyesa bana." Mai wogulitsa tomato pa njila ya oyenda pansi nayenso anganene cimodzimodzi: pamene pali anthu ndi pamene pali malonda. Wolandila malipilo amene amatha pa 10 mwezi ukali kutali anganene kuti kusunga kangacepe pambali ndi nkhani ya olemela, iye kaloba ndiye amamufikitsa kumapeto kwa mwezi. Kuuza anthu otele kuti siyani mpata, osaonjezapo kanthu, kungakhale kuwanyoza. Apa napo tumatailosi tuli ndi cotiuza.

Ku America kunali katswili wochuka wopanga tumasewela twa nzelu, dzina lake Sam Loyd. Kuyambila mu 1891 anali kudzitama kuti ndiye anayambitsa 15 Puzzle, cimene sicinali coona. Analonjezanso $1,000 kwa aliyense amene angakonze kabokosi kamene manambala onse ali m'malo mwake kupatulapo 14 ndi 15, amene asinthana malo. Cioneka capafupi, tumatailosi tuwili cabe. Anthu anataya tulo. Ndalamayo palibe anailandila, ndipo palibe akanailandila. Kale mu 1879 akatswili a masamu awili, William Johnson ndi William Story, anali ataonetsa kuti pa njila zonse zoikila tumatailosi m'kabokosi, theka n'zosatheka kukonza mwa kusuntha. Ya 14 ndi 15 ili m'gulu limenelo. Olo musunthe zaka 100, simudzafika. Cokhaco cimene cingathandize ndi kuzula tumatailosi tuwili ndi dzanja n'kutusinthanitsa.

Ici ndi cothandiza kudziwa ngakhale pa foni. Pulogalamu yopangidwa mosasamala imangomwaza manambala mwacisawawa, ndipo ingakupatseni kabokosi kosatheka. Mukaona kuti zonse zakhala bwino koma tuwili twa kumapeto twasinthana, musadzione ngati mbuli. Vuto lili kwa amene anakonza bwalo. Yambani ina.

M'tauni namonso muli mabwalo okonzedwa conco. Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo amene anaijambula pa pepala sanali kuganizila anthu oposa 2 miliyoni amene kalembela wa 2022 anapeza mu mzinda uno. Miseu ikulu-ikulu, Great East, Great North, Kafue, Mumbwa, yonse ithila m'kati mwa tauni, ndipo minibasi zambili zithela komweko. Wocokela ku Matero kupita ku Chilenje nthawi zambili ayamba walowa m'tauni kuti akasinthe basi, olo alibe cocita kumeneko. Kashing'i ikaikidwa pa mlingo umene sungakwane popanda kupanikiza anthu ndi kuthamanga, ba draiva apatsidwa 14 ndi 15 wosinthana. Kusuntha kwa ife okwela ndi oyendetsa sikungakonze zimenezi. Pafunika dzanja la amene ali ndi mphamvu yozula katailosi: khonsolo, a za miseu, eni mabasi.

Dzanja limenelo nthawi zina limagwila nchito. Milatho ya pamwamba ya pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres inamasula malo amene kale anali kutsekeka tsiku ndi tsiku. Koma wosewela Rush Hour aliyense adziwa kuti kusuntha thilaki imodzi kungangopititsa vuto pa kona ina. Cimene ine ndipempha ndi zinthu zing'ono-zing'ono kuposa mlatho. Malo oimila basi akhalepo okwanila, ndipo asasanduke poimika mamotoka a anthu kapena potsukila mamotoka. Amai a tomato apatsidwe malo enieni pafupi ndi pamene anthu adutsa, m'malo mowathamangitsa lelo n'kuwalekelela mawa. Malo a ngalande ndi mabwalo a ana asagulitsidwe ngati mapuloti. Pakhale mabasi olumikiza makomboni popanda kudutsa m'tauni. Eni mabasi nawonso awelengele kuti basi yoima mu jamu ikudya mafuta, ndipo maulendo amene yataya ndi ndalama yoposa ya munthu mmodzi wopanikizidwa pa kampando kopinda.

Koma tisabisale kumbuyo kwa khonsolo. Theka la mabwalo n'losatheka, theka lina n'lotheka, ndipo limenelo lili m'manja mwathu. Kusalowa pa mphambano yodzala sikufuna bajeti ya boma. Amene aseluka pafupi kukhala kufupi ndi citseko, amene apita kutali kupita kumbuyo, sikufuna msonkhano. Kusaponya botolo m'ngalande n'kwaulele. Ndipo ife okwela tileke kukuwilila ba draiva kuti "Ingenani apo, ingenani apo!" pamene tiona kuti kutsogolo kulibe kopita. Nthawi zambili amene amakankha cidutswa copingasa ndife a kumbuyo.

Ndinalonjeza kudzudzula masewela ena. Nkhani ya Sam Loyd ikhale cenjezo kwa aliyense amene foni yake imamuitanila mphoto. Munthu akalonjeza ndalama yaikulu pa cinthu cooneka capafupi, masamu anawacita kale. Kandeke kaja kamene anyamata amayang'anitsitsa kakukwela, cala cili pa batani, si m'bale wa Tetris. Mu Tetris mukasewela mwezi wathunthu mudzakhala wodziwa kuposa pamene munayamba. Pa kandeke olo musewele zaka khumi, mwini wake ndiye adzamanga nyumba. Cenjelaninso ndi tumasewela tumene tuoneka ngati twa tumatailosi koma tulonjeza kuti mukafika pa mlingo wakuti-wakuti mudzalandila ndalama pa foni. Cimene afuna ndi maso anu pa zotsatsa malonda ndi bandulo yanu. Muyeso wake ndi uwu: zimani intaneti. Masewela abwino a tumatailosi apitiliza kugwila nchito popanda bandulo. Amene akana kuyaka, kapena apempha nambala yanu ya ndalama za pa foni, afuteni.

Ngakhale abwinowo ali ndi malile. Amakola. Mu 2000 Robert Stickgold ndi anzake a ku Harvard anaseweletsa anthu Tetris kwa maola angapo, ndipo ambili anakamba kuti pogona anali kuona zidutswa zikugwa m'maso mwawo. Ngakhale odwala matenda oiwala, amene sanali kukumbukila n'komwe kuti anasewela, anaziona. Conco ngati mutseka maso n'kuona tumabokosi, simunalodzedwe, mwangopitilila muyeso. Kumbukilaninso kuti Tetris ilibe pothela. Liwilo lingokwela mpaka mugonje. Zinatenga zaka 34 kuti munthu afike poimitsa Tetris yakale ya Nintendo, pamene Willis Gibson, mwana wa zaka 13 wa ku Oklahoma, anafika pa mlingo wa 157 mu December 2023, masewela n'kuuma. Inu ndi ine sitidzafikako, conco tiziika tokha pothela. Basi ikafika, foni m'thumba. Kunyumba kuli ana ofuna kukambitsidwa.

Zina ndi zodziwikilatu kwa aliyense wokwela basi mu Lusaka. Foni pafupi ndi windo lotsegula pa City Market kapena mu jamu ya mu Lumumba ndi mphatso kwa akawalala. Zimani kaphokoso, si onse afuna kumva tumabelu twanu m'mawa. Muzikweza maso nthawi ndi nthawi, kuopa kupitilila siteshoni yanu kapena kuiwala chenji. Ndipo ba draiva, imwe masewela aya si yanu mukali pa siteling'i, olo jamu ikhale yoima bwanji. Rush Hour yanu ni yeniyeni, ndipo tumamotoka twake tuli na anthu m'kati.

Makolo athu sanali kuona masewela a nzelu ngati cibwana. Nsolo inali ya akulu, pansi pa mtengo, ndipo wosewela bwino anali kuwelenga maenje angapo kutsogolo asanagwile mwala. Drafuti ya tuzitsekelelo twa mabotolo ikali kuseweledwa pa mashopu m'makomboni onse, ndipo palibe amaseka mdala amene wagwila cibwano akuganizila kumene angakankhe. Tumatailosi twa pa foni tuli pa mzele womwewo, kusiyana n'kwakuti tukwana m'dzanja limodzi pamene lina lagwila cikwama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masewela awa amalanga waphuma nthawi yomweyo, popanda kumutukwana ndi popanda kumulipilitsa.

Ngati simunayesepo, yambani ndi kabokosi kakang'ono ka manambala 8, ka malo atatu-atatu, kenako mukwele pa ka 15. Mupatsenkoni mwana wanu naye ayese, muone amene adzayamba kuzindikila kuti coyendetsa ndi kampata. Ndipo tsiku lina mukadzakwela basi imene ba draiva aima pa mphambano, maloboti ali gilini koma kutsogolo kwadzaza, a kumbuyo akuliza ma hutala, musawakalipile. Auzeni kuti, "Mwacita bwino ba draiva, lekani badutse." Munthu ameneyo akusungilani citsime nonse amene muli m'basimo.